Mphunzitsi wa zaluso asulidwe mutu ndi manja omwe

Chaka ndi chaka makoleji osula aphunzitsi, monga a ku Karonga, Kasungu, Lilongwe, Blantyre ndi St Joseph's ku Bembeke, amatumiza ophunzira awo ku sukulu za pulayimale kuti akayesere ntchito asanalandire setifiketi. Kumeneko aliyense amaikidwa m'manja mwa mphunzitsi wokhwima pantchito kuti azimulangiza. Dongosolo limeneli n'labwino ndipo tikuliyamikira. Koma pali phunziro limodzi limene alangizi ambiri amalilambalala, ndilo la zaluso.

Dziko lino likudziwa kale kuwawa kwa kuimika munthu m'kalasi asanasulidwe. M'chaka cha 1994, pamene Boma linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Anthu zikwizikwi analembedwa ntchito ya uphunzitsi asanapondeko ku koleji, ndipo mu 1997 panayambika ndondomeko ya MIITEP yakuti aziphunzira ali pantchito. Ndondomekoyo inatsamira kwambiri pa aphunzitsi aakulu ndi alangizi a m'madera. Apo mpamene tinaona kuti mbali yaikulu ya uphunzitsi munthu amaitola kwa mnzake amene anayamba kale.

Ngati zili choncho pa masamu ndi Chingerezi, nanji pa zaluso. Silabasi imene inayamba mu 2007 inaphatikiza kujambula, kuumba, kuluka, kusoka, kuimba, kuvina, zisudzo ndi masewero olimbitsa thupi kukhala phunziro limodzi. Katundu yenseyu amasenza ndi mphunzitsi mmodzi. Wophunzira wa ku koleji angathe kuloweza ndondomeko ya kaumbidwe ka mphika, n'kuilemba bwinobwino pamayeso, n'kukhoza. Koma ngati sanasinjepo dothi ndi kulichotsa timiyala, ngati sanaonepo mphika ukung'aluka chifukwa chouumitsa padzuwa m'malo mwa pamthunzi, adzanena chiyani ana akadzamubweretsera mbale zawo zitasweka? Adzathawira kubolodi, ndipo ana adzakopera notsi za kuumba manja awo ali oyera.

Ena amati nthawi njochepa ndipo zipangizo palibe. Za nthawi, tikudziwa kuti m'sukulu zambiri ola la zaluso ndilo limayamba kulandidwa, kaya ndi masamu kaya ndi tsache. Mphunzitsi watsopano akaona mlangizi wake akuchita zotere, nayenso adzachita chomwecho moyo wake wonse, pakuti mmera mpoyamba. Za zipangizo, sitikuvomereza. Dothi lili kumtapo, bango lili kumtsinje, mlaza, nsungwi, khonje ndi makala zili pafupi ndi sukulu zathu zambiri. Amene anajambula m'mapanga a Chongoni ku Dedza, malo 127 amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, sanagule utoto m'sitolo. Ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni mu 1976, amisiri osema akhala akuphunzira pokhala pambali pa odziwa kale, sompho lili m'manja.

Motero tikupempha aphunzitsi aakulu kuti posankha mlangizi asamangoyang'ana zaka zimene munthu wagwira ntchito. Ayang'anenso ngati amaphunzitsa zaluso ndi mtima wonse, ndipo amupeputsireko ntchito zina kuti apeze mpata wokhala m'kalasi la wophunzira wake, kuonerera, ndi kukambirana naye ana akaweruka. Pamene mlangiziyo luso lina lamuchepera, palibe manyazi kupempha komiti ya sukulu kuti iitane mayi woumba mbiya kapena bambo woluka malichero wa m'mudzi momwemo. Mutu umodzi susenza denga.

Kwa aphunzitsi a m'makoleji ndi alangizi a zamaphunziro m'madera tikuti: poyendera wophunzira, musamasankhe maphunziro a Chingerezi ndi masamu okha. Muzimuonanso akugawa dothi kwa ana odzaza kalasi popanda chipwirikiti, akusunga mipeni ndi masingano mosamala, akuyamikira mwana amene chithunzi chake chapendekeka popanda kumuseketsa kwa anzake. Tikupemphanso Unduna wa Zamaphunziro ndi bungwe la mayeso la MANEB kuti alingalire zoti wophunzira aliyense azionetsa ntchito za manja ake ndi za ana amene anawaphunzitsa asanasainiridwe mapepala ake.

Inunso aphunzitsi achinyamata, musadikire kuti mayeso ayandikire. Funsani, yeserani, lolani kudzudzulidwa, ndipo musanyoze mmisiri wa kumudzi chifukwa chakuti sanapite patali ndi sukulu.

Tisaiwale kuti si ana onse a Sitandade 8 amene amapeza malo ku sekondale. Kwa ambiri, luso la manja limene anatola ku pulayimale ndilo lingadzawagulire mchere ndi sopo. Setifiketi ndi lonjezo la Boma kwa makolo kuti munthu uyu angathe kuphunzitsa ana awo maphunziro onse. Tiyeni tonse tigwirane manja kuti lonjezo limenelo likhale loona pa zaluso monga momwe tifunira kuti likhale loona pa masamu.