Khoswe wa pa mkhate ndi makiyi a chipinda cha umboni

Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ukati umuponye chibonga uphwanya mkhate womwe ukufuna kupulumutsawo, ndiye umangoima n'kumamuyang'ana. Mwambi umenewu umandibwerera ndikamva za mkangano wa m'mizinda ya ku America pakati pa apolisi ndi anthu olondoloza chuma cha khonsolo. Kumeneko mizinda yambiri ili ndi apolisi akeake olipidwa ndi misonkho ya anthu a mumzindamo, mosiyana ndi kuno kwathu kumene polisi ndi imodzi dziko lonse. Wolondoloza chuma wa mzinda amawerenga magalimoto a khonsolo, malisiti a mafuta ndi malipiro a antchito. Akafika pa chitseko cha chipinda chimene apolisi amasungamo katundu wa umboni, iye amati ndilowe ndiwerengenso muno, apolisi amati imani kaye.

Zimene apolisi amanena si zopanda mutu, ndipo ndi bwino kuzimvetsa tisanawaweruze. Chilichonse chogwidwa pa mlandu, kaya ndi mfuti, ndalama, foni kapena mankhwala osokoneza bongo, chimaikidwa m'thumba n'kumatidwa, ndipo aliyense wochikhudza amasaina dzina, tsiku ndi ola. Loya wa woimbidwa mlandu akangopeza kuti thumbalo linagwidwa ndi munthu amene sanalembedwe, amauza khoti kuti umboniwo ndi wokayikitsa, ndipo wolakwa akhoza kutuluka akuseka. M'chipindamo mulinso zovala za amayi ogwiriridwa ndi mayina a mboni, zinthu zosafunika maso ambiri. Mkhate wake ndi umenewo, ndipo umaswekadi.

Komatu khoswe amaudziwa mwambiwu kuposa ife. Ndi chifukwa chake amasankha kukhala pa mkhate.

Mu 1962 apolisi a ku New York anagwira mankhwala ambiri a heroin pa mlandu wotchuka wa French Connection, n'kuwasunga m'nkhokwe yawo ya umboni. Pofika 1972 zinaululika kuti mankhwalawo anatuluka kalekale ndipo m'matumbamo munali ufa. Anaulula ndi tizilombo todya ufa timene tinayamba kuswana m'matumbawo. Mlimi aliyense amene anathirapo mankhwala chimanga poopa anankafumbwe amvetsa msanga: kachilombo sikanama za chimene chili m'thumba. Chitseko chinali chokhoma zaka zonsezo, mabuku anali osainidwa, koma chomwe chinkasowa ndi munthu wakunja woti atsegule thumba n'kufananitsa zam'katimo ndi zolembedwa.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya ku Braintree, tauni ya pafupi ndi Boston m'chigawo cha Massachusetts. Mu 2016 mkulu wa apolisi kumeneko, Russell Jenkins, anaitana munthu wakunja, yemwe kale anali mkulu m'polisi ya chigawocho, kuti adzawerenge katundu wa umboni. Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Anapeza kuti ndalama zoposa madola 400,000 sizikuoneka, mfuti zoposa 60 sizili pamene mabuku akunena, ndipo mitokoma ya mankhwala osokoneza bongo yoposa 4,700 yasowa. Matumba ena anali atang'ambidwa n'kumatidwanso. Woimira boma pa milandu m'dera la Norfolk, Michael Morrissey, anakakamizika kuthetsa milandu yambirimbiri ya mankhwala, chifukwa panalibenso woweruza amene akanakhulupirira zotuluka m'chipinda chimenecho. Taonani apa: mkhate sunasweke chifukwa choti wakunja analowa. Unali utasweka kale chifukwa choti kwa nthawi yaitali wakunja sanalowe.

Pali mbali ina ya nkhani ya ku Braintree imene anthu amaidumpha. Wapolisi amene ankasunga makiyi a chipindacho anadzipha kafukufukuyo atangoyamba. Ine sindimuweruza, ndipo mtima umandiwawa ndikamuganizira. Chimene ndikuona n'chakuti kumusiyira munthu mmodzi makiyi a chipinda chodzaza ndalama ndi mankhwala, chaka ndi chaka, popanda womufunsa, si kumulemekeza ayi. Ndi kumuika m'mayesero amene ambiri a ife sitingawapirire. Mbuzi ikalawa mchere sigwirika, ndipo mbusa wanzeru saisiya yokha pamene pali mcherewo. Kuwerenga kwa nthawi ndi nthawi kumateteza wosunga makiyi wokhulupirika ku mphekesera, komanso kumamugwira mkono wofooka asanafike patali.

Kulowa m'chipinda si nkhani yonse. Ku Asheville, m'chigawo cha North Carolina, mu 2011 mapiritsi 397 a oxycodone anapezeka atasowa mlandu wake uli pafupi kuzengedwa. Khonsolo ya mzindawo inavomereza madola 175,000 kuti kampani yakunja iwerenge katundu wa m'chipinda cha umboni. Lipoti litatuluka linapita kwa woimira boma pa milandu, Ron Moore, amene anakana kulionetsa poyera ponena kuti ndi mbali ya kafukufuku wa mlandu. Nyuzipepala ndi mawailesi anapita kukhoti mu 2012 koma sanalipeze. Amene ankayang'anira chipindacho anadzavomera mlandu wakuba mankhwala. Koma anthu a mumzindawo, amene misonkho yawo inalipira lipotilo, anakhala nthawi yaitali osadziwa kuti chasowa n'chiyani ndipo n'chochuluka bwanji. Ndikuvomereza kuti mayina ndi zinsinsi za milandu yosatha zikhoza kubisidwa. Kuchuluka kwa mfuti ndi ndalama zosowa si chinsinsi cha mlandu, ndi nkhani ya eni mzinda.

Nanga mzinda uchite bwanji kuti khoswe agwidwe mkhate uli wamphumphu? Nkhanga zinapangana kusanapse. Lamulo la mzinda linene momveka, zinthu zisanavute, kuti wolondoloza chuma ali ndi ufulu wolowa m'chipinda cha umboni ndipo safunika kunena tsiku lobwera, chifukwa wochenjezedwa amasesa pabwalo. Mbiri yake ifufuzidwe monga amachitira ndi aliyense wogwira zinsinsi za polisi. Alowe moperekezedwa ndi wapolisi amene si wosunga makiyi, asaine m'buku lomwelo, ndipo ngati thumba liyenera kutsegulidwa, atsegule wapolisiyo iye akuona, kenako onse awiri asaine pomatanso. Potero mndandanda wa okhudza umboni suduka, umangowonjezeka dzina limodzi lolembedwa bwino, ndipo loya alibe pogwira.

Kawerengedwe kakenso kali ndi nzeru yake. Asankhe yekha milandu m'buku n'kukafuna katundu wake pa shelefu, kenako atole katundu pa shelefu n'kukamufuna m'buku, pakuti njira imodzi yokha sionetsa chinthu chimene sichinalembedwe n'komwe. Ayambire pa zinthu zitatu zimene zimakopa manja: ndalama, mfuti ndi mankhwala. Ndalama zisagone m'maenvelopu miyezi yambiri, zipite ku banki zikangololedwa. Ndipo aonetsetse kwambiri katundu amene mabuku akuti anawonongedwa, chifukwa mfuti yolembedwa kuti inaphwanyidwa palibenso amene amaifunsa. Afunse kuti inaphwanyidwa liti, kuti, ndipo anaona ndi maso ndani kupatula wosunga makiyi.