Munda wa Naboti uli m'mbali mwa nyanja

Lero ndilemba motalikirapo, ndipo ena mwa inu mukwiya. Werengani kufikira kumapeto, mukwiye mutamva zonse.

Mlandu wanga uli ndi eni malo ogona alendo, makoteji ndi mabala amene andanda m'mbali mwa nyanja yathu, kuyambira ku Mangochi, kudzera ku Senga Bay, kufikira ku Chintheche. Malonda sindidana nawo. Alipo ena amene amalipira antchito awo bwino, amagula ndiwo m'mudzi ndi kuthandiza sukulu, ndipo Mulungu awadalitse. Koma ambiri anagula malo, naganiza kuti agula ndi nyanja yomwe.

Ndiyambe ndi mpanda. Munthu amanga khoma la njerwa kuchokera kumsewu kufikira m'madzi, mnansi wake amanganso lake, ndipo njira ya kudooko imene makolo ankadzera yatsekeka. Mayi amene anabadwira pamenepo azungulira mtunda wautali ndi ndowa pamutu. Msodzi asowa pokocheza bwato ndi poyanika usipa. Mwana akasamba pafupi, mlonda amuthamangitsa, pamene mlondayo ndi malume ake. Mukafunsa, akuonetsani chikalata: ndinagula, amfumu anasaina. Tsegulani 1 Mafumu 21. Timakumbukira Yezebeli ndi mboni zonama, koma timaiwala kuti Ahabu anayamba mwaulemu, anafuna kugula, ndalama kapena munda wina woposa uja. Naboti anakana chifukwa cholowa cha makolo sichinali chake yekha kuti achigulitse. Gombe ndi la amene anagona m'manda a m'mudzimo ndi la amene sanabadwe. Nyakwawa imene inalandira ndalama inagulitsa chimene inangopatsidwa kuti isunge, ndipo wogulayo ankadziwa. Yesaya 5:8 anawatemberera kale anthu olumikiza malo ku malo kufikira wosauka atasowa poponda.

Koma lemba limene landisowetsa tulo ndi Ezekieli 34:18-19. Kumeneko Mulungu akudzudzula nkhosa zonenepa zimene zimamwa madzi oyera, kenaka n'kuvundula otsalawo ndi mapazi, kuti zofooka zimwe matope. Mneneriyu akadayenda pa gombe lathu Lolemba m'mawa, atatha maphwando a Loweruka, sakadasintha liwu ndi limodzi lomwe. Mabotolo osweka mumchenga, majumbo akuyandama, madzi otsukira mbale akutsikira kunyanja m'ngalande. Nanga maenje a zimbudzi okumbidwa mumchenga pafupi ndi madzi, zonyansazo zimapita kuti? Mchenga susunga chinsinsi. Mlendo wa m'chipinda amamwa madzi a m'botolo; wakumudzi amatunga pomwepo. Ndipo dziwani kuti nyanja iyi ili ndi khomo limodzi lokha, mtsinje wa Shire. Madzi ake ambiri amachoka ngati nthunzi, kusiya m'mbuyo zonse zimene tinatayamo. Chimene mwataya lero adzachipeza adzukulu anu.

Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja analira kwambiri. Sindikunena kuti eni malo ogona ndiwo anabweretsa matendawa. Ndikufunsa kuti munthu amene ali ndi thanki ya madzi othira mankhwala, ndi madzi ena othirira kapinga, amagona bwanji kuseri kwa khoma lake kuli mudzi wopanda mpopi ngakhale umodzi? Kutulutsa mpopi umodzi kunja kwa mpanda sikungagwetse bizinesi ya munthu. Mose pa Deuteronomo 23:12-14 anaika nkhani ya chimbudzi m'chilamulo cha Mulungu, ndiye wina asandiuze kuti mkulu wampingo wasiya zauzimu.

Palinso bango. Alendo amakonda mchenga woyera, choncho eni malo amazula bango lonse. Komatu chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa, ndipo chikawatulutsa, anawo amakulira m'madzi osaya, m'bango ndi m'udzu momwemo. Mwazula nazale, kenaka mukudandaula kuti chambo chadula, n'kumaloza chala msodzi wa ukonde wa udzudzu. Msodziyo ndi wolakwa ndithu. Koma amene amagula chambo m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, usodzi wake utatsekedwa, kuti mbale ya mlendo isasowe nsomba, ndi mnzake pa mlanduwo. Ku Chembe akatswiri anaona kuti nsomba zodya nkhono zitachepa, nkhono zinachuluka ndipo likodzo linafala. Zolengedwa za Mulungu ndi zolumikizana ngati ukonde: mukadula chingwe chimodzi, bowo limakaonekera kwina.

Chaka cha 2024 nyanja inadzaza kupitirira mamita 476 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, ndipo inalowa m'zipinda, m'mabala ndi m'makhichini. Ndinawamvera chisoni, makamaka antchito amene anaima ntchito. Koma eni ake anathamangira kufuula kuti boma litsegule zitseko za ku Liwonde, ngati kumunsi kwa Shire kulibe anthu ndi minda. Bungwe la National Water Resources Authority linawakumbutsa kuti lamulo sililola kumanga pansi pa mlingo wa mamita 477. Madzi saiwala khwawa. Ndinagwira ntchito m'boma zaka zambiri, ndipo ndikudziwa kuti nyumba simera ngati bowa. Pamakhala mapulani, chidindo ndi woyendera malo. Amene anadinda mapepala a nyumba zimenezo atseka maso, ena timadya nawo mgonero.

Adzati: timalemba anthu ntchito. N'zoona. Koma ntchito ya ulonda ya mwana mmodzi si mtengo wa dooko la mudzi wonse. Ndipo tiwerengerenso anyamata osiya sukulu kuti azitsata alendo pa gombe, ndi atsikana aang'ono amene amalowa pa chipata usiku woyang'anira malo akuyang'ana kumbali. Mlendo ndi mame, mawa wapita. Zotsalazo amasenza ndi agogo a m'mudzi.

Kuti zingatheke, taonani ku chilumba cha Mbenje ku Salima. Kwa zaka zambiri ufumu wa Makanjira umatseka usodzi kumeneko kuyambira Disembala kufikira Epulo, ndipo asodzi amamvera. Anthu amene ambiri sanapite patali ndi sukulu amadziletsa miyezi yonseyo chifukwa cha utaka wa chaka chamawa. Nanga inu a madigiri, amene muli ndi maloya ndi ngongole za kubanki, chakukanikani n'chiyani?

Ife a CCAP tilibe pothawira. Mpingo wathu unafikira pa gombe. Mu 1875 Ilala inakocheza ku Cape Maclear, ndipo a Robert Laws ndi anzawo anamanga pamenepo Livingstonia yoyamba, asanasamukire ku Bandawe mu 1881. Manda a amishonale alipobe. Anthu a m'mbali mwa nyanja anatipatsa malo ndi madzi, ndipo lero ena mwa otsekera zidzukulu zawo njira ndi akhristu athu, amene timawaombera m'manja pa Pepala Sande osafunsa kumene envelopu yachokera. Makwaya ndi achinyamata athu nawonso akapita kunyanja pa basi amasiya majumbo ndi mabotolo pamene aimbirapo nyimbo zotamanda Mlengi.

Pa seshoni ikubwerayi ndidzapempha kuti gulu lililonse la mpingo wathu, lisanalipire malo a msonkhano kunyanja, litume munthu akaone ngati anthu a m'mudzi ali ndi njira yofikira kumadzi, ndiponso kumene zonyansa za pamalopo zimathera. Akakana kutionetsa, ndalama za Mulungu tikazipereke kwina. Inu abale anga amene muli ndi makoteji, ndipo mukudziwa kuti ndikukudziwani, musandiyankhe pano pa gulu. Nambala yanga muli nayo.