Musatimangire yunivesite m'malere

Kwabwera nyimbo ina m'misonkhano ya zamaphunziro, ija imachitikira m'mahotela a kunyanja anthu atakhuta chambo. Akuti vuto la kuchepa kwa malo m'mayunivesite athu litha tikasamukira ku dziko la m'kompyuta. Akuti kumeneko kulibe kulimbirana mipando, kulibe hositelo yodzaza. Wophunzira angokhala kwawo, atsegule intaneti, asankhe kachidole komuimira, ndipo kachidoleko kapite kukalowa m'kalasi yojambula, kakweze dzanja, kafunse funso. Ena amavala chigoba kumaso, changati magalasi a owotcherera zitsulo, kuti azimva ngati alidi m'katimo. Ndiye akuluakulu aja amaomba m'manja, amvekere tsogolo ndi limeneli.

Ine ndikukana. Ndikukana monga munthu wa ku Likangala, kumene mwana akakhoza MSCE n'kusankhidwira ku yunivesite, mudzi wonse umadziwa kuti mpunga wa banja limenelo chaka chimenecho wapita.

Nyimboyi ndi yakale, abale anzanga. Mu 2003 kampani ya Linden Lab ya ku San Francisco inatsegula dziko lotere, dzina lake Second Life. Mayunivesite a ku America ndi ku Ulaya anathamangirako ngati ngumbi pa nyali. Ankachita lendi malo otchedwa zilumba n'kumangapo malaibulale ndi maholo ojambula, moti mu 2006 ngakhale a ku Harvard anaphunzitsirako zamalamulo. Mu 2010 kampaniyo inalengeza kuti ikuchotsa mtengo wotsika umene inkapatsa masukulu. Lendi inawirikiza, ambiri ananyamula katundu, zilumba zina n'kusanduka mabwinja. Paja mwini nthaka anali wina, iwo anali alendi chabe. Mu 2021 a Mark Zuckerberg anasintha dzina la kampani ya Facebook kukhala Meta, n'kutilonjeza moyo wa m'dziko longa lomwelo. Mu 2022 mokha nthambi yoona za malotowa inaluza madola oposa 13 biliyoni. Ngati mpondamatiki wotere akukhetsa ndalama chonchi, ife a bajeti yopemphetsa tikukafunako chiyani?

Koma tisiye za kunja, pakuti kachidutswa kake tinakalawa kale konkuno. Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo makoleji ena anayesa kuphunzitsa pa intaneti. Kunalibe zidole kapena zigoba, kunali kungotumiza manotsi ndi kumvetsera mphunzitsi pa foni. Komabe zinasefa ana ngati ufa. Wa ku Namiwawa kapena ku Area 10 anali pa tebulo ndi laputopu yake. Wa kwathu kuno ankayamba wafuna poti atchajitse foni, pa kashopu ka sola pamsika, kenaka ndalama ya bandulo, kenaka chulu choti akwerepo kuti netiweki igwire. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba zounikira magetsi m'dziko muno sizinkafika 12 pa 100 zilizonse, ndipo zambiri mwa izo zinali m'tauni. Nanunso a m'tauni simunaiwale mdima umene unatsatira namondwe Ana atawononga siteshoni ya Kapichira mu Januwale 2022. Tsono dziko la zidolelo limameza bandulo kuposa manotsi, ndipo limafuna makina amphamvu, osati kafoni kosweka galasi kosiyiridwa ndi achimwene.

Apa ndiye pagona chinyengo. Akamati dziko la m'kompyuta n'lotchipa, muziwafunsa kuti lotchipa kwa yani. Kalasi ya njerwa amamanga ndi boma, magetsi ake amalipira ndi koleji. Kalasi ya m'malere, mpando wake, nyali yake ndi kiyi wa pakhomo pake amalipira ndi mayi wogulitsa matemba. Ndalama sizinachepe ayi, zangosintha thumba lotulukamo.

Musanditenge ngati mdani wa kompyuta. Wophunzira udokotala akamayeserera kung'amba thupi lojambula asanagwire munthu weniweni, ine ndilibe nazo mlandu. Oyendetsa ndege amaphunzira choncho kuyambira kale. Koma makinawo akhale pa koleji, ogulidwa ndi koleji, kuti mwana wa msodzi ndi mwana wa nduna aime pa mzere umodzi.

Chondiwawa kwenikweni n'china. Mtsinje wa Likangala umatsika m'phiri la Zomba, kudutsa m'tauni pafupi ndi Chirunga pamene pali Yunivesite ya Malawi, Chanco ija, n'kudzathira m'nyanja ya Chilwa. Kuchoka m'tauni kufika pa doko la Kachulu ndi makilomita ngati 30 basi. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulukamo. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anakhalanso pa matope ong'aluka. Inalowanso pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse, malo oyamba m'Malawi muno kulembedwapo. Akatswiri amakwera ndege kuchokera kutali kudzaiona. Ife tikufuna kujambula chilumba m'kompyuta pamene Chisi ali pompa, ndi anthu ake, ndi milambe yake. Paja fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Akale anazidziwa izi. Kuyambira 1966 mpaka 1976 aphunzitsi a Chancellor College, motsogozedwa ndi mayi Margaret Kalk, anachita kafukufuku wa nyanjayi, ndipo anayamba koleji ikadali ku Chichiri mu Blantyre, isanasamukire ku Zomba mu 1973. Mtunda sunawaletse. Analowa m'matope, anaiona nyanja ikuphwa ndi kudzazanso, anatsatira matemba, makumba ndi milamba kumene zimakabisala m'mitsinje ndi m'madambo madzi akathawa. Buku la 1979 lochokera mu ntchito imeneyo ofufuza za Chilwa amalitsegulabe.

Lero mafunso ali mbwee, akungodikira wowatola. Zonyansa zimene Likangala amanyamula m'tauni zimathera kuti zikafika ku sikimu ya mpunga? Asodzi ogona m'zimbowera, tinyumba toyandama tija, amamwa madzi omwewo amene amadzithandiziramo. Kolera angathe bwanji? Nanga madzi akachepa mu Okutobala, a kumtunda ndi a kumunsi agawane motani popanda kutukulirana makasu? Amenewa ndi mafunso a wophunzira sayansi, zaumoyo, zachuma, ngakhale zamalamulo. Kachidole sikanunkhiza madzi, sikalumidwa ndi udzudzu, sikangakhale pansi pa mtengo kumvera mfumu ikuweruza mlandu wa ngalande.

Choncho inu a m'makomiti, ndalama ya zigoba ikapezeka, yambani mwagula mafuta a basi. Mudzazemo ophunzira a chaka chachiwiri, muwatsitse pa Kachulu m'mamawa asodzi akukocheza, muwasiye masabata awiri. Pogona tiwapezera, mpunga uliponso, bola abwere ndi maneti awo a udzudzu.