Ndisiyeni Ndiyambe Ndawerengera

Patha miyezi isanu ndi itatu chigulire matabwa a mlombwa, ndipo mpaka lero sindinadule ndi limodzi lomwe. Anzanga ku ofesi apezerapo choseka. M'mawa uliwonse amandifunsa kuti, "Achimwene, pa wotchi yanu ija nthawi ili bwanji?" Akuti ndi ulesi. Ine ndikuti iwowo ndiwo sadziwa pamene ntchito imayambira.

Ndikufuna kupanga wotchi yaitali yoima pansi, imene Angerezi amati wotchi ya agogo aamuna, ndipo magiya ake akhale amtengo. Kutalikako si kokongoletsa ayi. M'kati mwake mumalendewera ndodo yokhala ndi cholemera kunsonga, ndipo kuti igwedezeke kamodzi pa sekondi iyenera kutalika masentimita 99.4. Mukapitiriza ndi milimita imodzi yokha, wotchi idzatsalira ndi masekondi pafupifupi 43 tsiku lililonse. Giya yogwirizana ndi ndodoyo ikhale ya mano 30 kuti izungulire kamodzi pa mphindi. Kuchoka apo kukafika pa muvi wa mphindi, liwiro litsike ka 60. Ndasankha giya ya mano 64 ndi ina ya mano 60, iliyonse yolumana ndi kagiya ka mano 8. Kodi zimenezi munthu angazipeze ndi sowo m'manja?

Komanso mtengo umapuma. M'dzinja thabwa limafufuma m'mimba mwake koma m'litali silisintha kwenikweni, choncho giya yodulidwa pa thabwa limodzi imasanduka ngati dzira, mano n'kuyamba kukakamira. John Harrison, kalipentala wa ku England, adalithetsa vutoli polumikiza tizidutswa mwakuti mitsempha ya mtengo iziloza kumene dzino laloza. Wotchi yake yamatabwa ya ku Brocklesby Park, ya m'zaka za m'ma 1720, yatha zaka pafupifupi 300 ikuyenda popanda kuthira mafuta. Munthuyo adali kalipentala, ntchito imene ife timakankhira mwana amene walephera masamu!

Chimene chimandipweteka n'chakuti ondisekawo ndi anthu a mapulani okhaokha. Tonse tidaonapo nyumba ya boma itaima pa mawindo zaka zisanu chifukwa wina adafulumira kukumba maziko asanawerengere simenti. Pamwambo woika mwala wa maziko tidaombera m'manja, tidalandiranso alawansi. Ineyo ndidasainira nawo, sindikana. Koma matabwa awa ndidagula ndi malipiro anga, ndipo ndikalakwitsa palibe msonkho wa munthu umene udzandigulire ena.

Mayi a kunyumba okha ndiwo ali ndi mlandu womveka: matabwawo atsekereza khomo la kuchipinda cha alendo, ndipo apongozi akubwera mwezi wa mawa. Ndawalonjeza kuti ndiwasuntha Loweruka. Zodula ayi, mpaka atapyola dzinja limodzi ndione mmene apindikire.