Dotolo wa pa lamya aphunzitsidwe bwino

Pamene matenda a COVID-19 anafika mu 2020, madotolo m'maiko ambiri anayamba kuona odwala pa lamya ndi pa vidiyo. Muno mu Zambia njirayi inali itayamba kale pang'ono: bungwe la Virtual Doctors la ku Britain linapereka mafoni kwa ma clinical officer a kumidzi kuti azitumiza mbiri ya wodwala ndi zithunzi kwa madotolo akutali. Kwa mlimi wa m'cigwa ca Luangwa, amene m'dzinja mitsinje imamutsekera njira ya ku Chipata, lamya ingapulumutse moyo. Koma ingaononge moyo ngati amene akuyankha sanaphunzire kupima wodwala amene sangathe kumugwira.

Ife tikupempha masukulu a udotolo, monga a University of Zambia ku Ridgeway, a Copperbelt University ku Ndola ndi a Levy Mwanawasa mu Lusaka, kuti luso limeneli likhale phunziro lenileni lokhala ndi mayeso ake. Wophunzira asatuluke ndi digiri asanayesedwe pa nchito imeneyi.

Coyamba ndi kalankhulidwe. Wophunzira azolowere kupereka moni, kunena dzina lake, ndi kufunsa kuti m'cipindamo muli ndani. Mai amene apongozi ali pambali sadzachula matenda a m'njira ya amai, ngakhale akumva kuwawa. Afunse cilankhulo cimene wodwala akufuna, kaya ciNyanja, ciNsenga kapena ciTumbuka, ndipo alankhule pang'onopang'ono cifukwa mau pa lamya amadukaduka. Pomaliza wodwala abwereze yekha mmene adzamwera mankhwala. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Caciwiri ndi kupima. Popeza dotolo sangafike pa mkeka wa wodwala, ayenera kudziwa kugwiritsa nchito maso ndi manja a ena: nasi, wothandiza za umoyo m'mudzi, kapena amake mwana. Auze mai kuti avule malaya a mwana ndi kuwerenga kupuma kwake kwa mphindi imodzi. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50 kapena kuposa, kapena wa caka cimodzi mpaka zaka 5 akapuma ka 40 kapena kuposa, cingakhale cibayo. Kutsitsa cikope kumaonetsa ngati magazi acepa. Kutsina khungu la pamimba kumaonetsa ngati madzi atha m'thupi. Kudinda phazi ndi cala kumaonetsa kutupa. Zonsezi zimafuna mau osavuta amene mlimi angamve, ndipo wophunzira aziyeserera ndi anzake mpaka azolowere.

Cacitatu ndi kudziwa malire a lamya. Malungo sapimidwa pa vidiyo. Pamafunika kutenga dontho la magazi pa cala. Mwana akakomoka, akakana kuyamwa kapena akasanza ciliconse cimene wamwa, mai wapakati akataya magazi, munthu akalumidwa ndi njoka, dotolo wabwino anene msanga kuti pitani ku cipatala lero lomwe, ndipo athandize kudziwitsa cipatalaco. Wophunzira amene amaopa kunena zimenezi sanakhwime.

Cinsinsi ca wodwala naco ndi nkhani yaikulu. Zithunzi za zilonda siziyenera kuyenda m'magulu a WhatsApp. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu la 2021, ndipo ophunzira alidziwe bwino.

Inunso makolo muli ndi mbali yanu. Poimba lamya khalani pamalo owala, mukhale ndi khadi la mwana la ku sikelo ndi mankhwala amene wamwa kale, ngakhale azitsamba. Musabise kanthu, ndipo mukauzidwa kupita ku cipatala musadikire tsiku la msika. Boma nalo lifulumire kufikitsa netiweki ndi magetsi a dzuwa m'zipatala zazing'ono, pakuti luso la dotolo silingathandize pamene foni yazima.