Pumbwa ndi Kachule ka M'bango



Amene tikukhala ku Durban kapena ku Johannesburg tikumudziwa pumbwa. Ndi yemwe uja wa kumudzi, wakuda kumutu ndi wachikasu kunsi kwa mchira. Kukangocha amayamba kuyimba pa mpanda. Amadya zipatso, tizilombo ndi timadzi ta maluwa. Anthu akadula nkhalango n'kumanga nyumba, iye amangosamukira m'mitengo ya pakhomo. N'chifukwa chake ndi wochuluka.

M'chigawo cha KwaZulu-Natal mulinso kachule kotchedwa Pickersgill's reed frog, komwe akatswiri adakalemba m'mabuku mu 1982. Kutalika kwake sikupitirira masentimita 3. Pa dziko lonse kamapezeka m'madambo ochepa a m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku St Lucia mpaka cha ku Sezela. Kamaikira mazira pa masamba olendewera pamwamba pa madzi, kuti ambululu akaswa agwere m'madzimo. Dambo likauma, palibe koswera. Ndipo madambo ambiri adaumitsidwa kuti pakhale minda ya nzimbe, nyumba ndi misewu. Lero kachuleka kali m'gulu la zamoyo zomwe zingathe kutheratu.

Pumbwa atasowa sabata imodzi tonse tingadabwe, pakuti mawu ake ndi okweza. Kachule aka kamalira motsitsa ngati kachilombo ka m'udzu, usiku, m'kati mwa bango lowirira. Kakhoza kutha m'dambo lonse popanda wozindikira. Sikuti n'kaulesi kapena n'kopusa kuposa pumbwa ayi. Kali ndi malo amodzi okha omwe kangakhalemo, pamene mnzakeyo ali nawo ambiri.

Anthu ena adachita kukafunafuna. A ku Johannesburg Zoo adayamba kukaweta, ndipo mu 2018 adakatulutsa achule 200 m'dambo la Mount Moreland, pafupi ndi bwalo la ndege la King Shaka. Kudikira kuti kachuleko kafuule, bwenzi akudikirabe.

Pakati pathu kuno kuchilendo alipo onga pumbwa: ntchito ikatha apeza ina, chilankhulo aphunzira msanga, vuto lawo timalimva tsiku lomwelo. Alipo enanso omwe moyo wawo wonse watsamira pa kachipinda kamodzi ka lendi ndi ganyu imodzi, ndipo sadandaula mokweza. Sabata ino taganizirani amene simunamve mawu awo mwezi wathunthu. Aimbireni foni, kapena pitani mukaodire pakhomo pawo.

Mtendere ukhale nanu.