Penshoni ya aphunzitsi: njira ziwiri za Boma ndi funso la ufulu wosankha

M'sukulu za Boma za ku Chirimba, Ndirande, Machinjiri ndi madera ena a mzinda wa Blantyre muli aphunzitsi amene amagwira ntchito imodzi, amalandira malipiro kuchokera kwa owalemba ntchito amodzi, koma akadzapuma adzalandira penshoni m'njira zosiyana. Nkhaniyi ikukhudzanso alimi ndi amalonda, pakuti malipiro a mphunzitsi mmodzi amadyetsa banja lalikulu, amalipira fizi ya ana a abale ake, ndipo amagula feteleza wa makolo kumudzi.

Kusiyanaku kudayamba m'chaka cha 2017, pamene Boma lidakhazikitsa thumba la Public Service Pension Trust Fund potsatira lamulo la penshoni lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2011. Ogwira ntchito m'Boma amene anali ndi zaka 35 kapena kucheperapo adalowa m'ndondomeko yatsopano yosonkha, pamodzi ndi onse olembedwa ntchito pambuyo pake. Amene anali atapyola zaka zimenezo adatsala m'ndondomeko yakale. Choncho chimene chidagamula njira ya mphunzitsi aliyense ndi zaka zake zakubadwa, osati kufuna kwake.

M'ndondomeko yakale, wogwira ntchito sadulidwa kanthu pa malipiro ake. Akapuma, Boma limawerengera zaka zimene wagwira ntchito ndi malipiro ake omaliza, kenaka limam'patsa ndalama zolandira kamodzi ndi penshoni ya mwezi ndi mwezi kufikira imfa. Ubwino wake ndi woti munthu amadziwiratu chimene adzalandire. Kulemera kwake ndi koti ndalamazo sizisungidwa paliponse. Zimachokera mu bajeti ya chaka chilichonse chimene zikulipidwa, ndipo zimapikisana ndi mankhwala a m'zipatala, misewu ndi zipangizo zaulimi. Chiwerengero cha opuma chikamakula, mtolo umakulira okhoma msonkho, kuphatikizapo wamalonda wa mumsika wa Chirimba.

M'ndondomeko yosonkha, lamulo limati wantchito apereke ndalama zosachepera K5 pa K100 iliyonse ya malipiro ake, ndipo wolemba ntchito awonjezere zosachepera K10. Mwachitsanzo, pa malipiro a K300,000 pamwezi, wantchito amasonkha K15,000, wolemba ntchito K30,000, zonse pamodzi K45,000 pamwezi kapena K540,000 pachaka. Ndalamazi zimalembedwa m'dzina la mwini wake, zimaikidwa m'malo opindulitsa monga masheya, nyumba ndi ngongole zobwereketsa Boma, ndipo munthu akasintha ntchito zimam'tsatira. Koma chimene adzalandire sichidziwikiratu. Chimadalira phindu la thumba, kufika kwa zosonkha m'nthawi yake, ndi mphamvu ya ndalama. Pamene kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wosunga ndalama adaona kuti chiwerengero cha papepala ndi zimene chingagule kumsika ndi zinthu ziwiri zosiyana.

M'mayiko ena aphunzitsi amaloledwa kusankha. Ku Florida, m'dziko la America, kuyambira 2002 ogwira ntchito m'Boma, kuphatikizapo a m'sukulu, amasankha pakati pa penshoni yowerengera zaka za ntchito ndi thumba losonkha. Nzeru yake ndi yoti amene akufuna kuphunzitsa moyo wake wonse amapindula ndi njira yoyamba, pomwe amene angadzasiye uphunzitsi patapita zaka zochepa amapindula ndi yachiwiri. Koma ufulu woterewu uli ndi zovuta zake. Wachinyamata amene wangotuluka kumene kukoleji ya uphunzitsi amayenera kugamula nkhani ya zaka makumi atatu zakutsogolo asanadziwe kumene moyo udzam'fikitse. Komanso ambiri akasankha njira yakale, mtolo umene dziko lidafuna kupepuza umabwerera pa bajeti.

Ngakhale mphunzitsi wa ku Malawi sasankha pakati pa njira ziwirizi, lamulo la penshoni la 2023 lidapereka zisankho zina kwa amene ali m'ndondomeko yosonkha. Wotsala ndi zaka zisanu kuti apume angathe kutengako gawo la ndalama zake, mpaka theka. Wopuma angathe kulandira kamodzi mpaka 50 peresenti, kumene kale inali 40 peresenti. Wochoka pa ntchito amadikira miyezi itatu, osati isanu ndi umodzi, asanapemphe ndalama zimene lamulo limalola. Apa mpamene pafunika kusamala. Kutenga theka n'kumalizira nyumba ku Chirimba kungapulumutse munthu ku lendi ya ukalamba wonse; kutenga theka n'kuyamba bizinesi yosaidziwa kungam'siye ndi penshoni yosakwanira ngakhale thumba la chimanga. Ndalama yotengedwa lero imachepetsa ya mwezi ndi mwezi ya mawa.

Pali zinthu zitatu zimene wantchito aliyense ayenera kuchita popanda kudikira lamulo lina. Choyamba, adziwe ndondomeko imene alimo, ndipo afunse ku ofesi yoona za ogwira ntchito ngati akukayika. Chachiwiri, aziitanitsa sitetimenti ya thumba lake ndi kuiyerekeza ndi zimene zikudulidwa pa malipiro. Chachitatu, alembe fomu ya odzalandira ndalama iye akamwalira, ndipo aziikonzanso pakabadwa mwana kapena banja likasintha, chifukwa fomu yakale imadzetsa mikangano pakati pa amasiye ndi achibale.

Aphunzitsi a m'sukulu zomwe si za Boma nawonso ndi otetezedwa ndi lamuloli. Ngati owalemba ntchito akudula ndalama koma osazipereka ku thumba, dandaulo lipite kwa Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi, banki yomwe ili ndi nthambi mumzinda wa Blantyre. Alimi ndi amalonda odzilemba okha ntchito angathenso kusunga penshoni mwa kufuna kwawo kudzera m'makampani ovomerezeka, ndipo asanapereke ndalama iliyonse ayambe atsimikiza kuti kampaniyo ili ndi chiphaso cha Registrar.